Ndabwerako ku ganyu yothyola mphesa ku Kakamas

Abale, mu Okutobala ndinafunsa mmene ndingapirire kutentha pa ganyu yothyola mphesa ku Kakamas, m'mbali mwa mtsinje wa Orange ku Northern Cape, m'dziko la South Africa. Zikomo nonse amene munandiyankha, ndabwerako wamoyo ndi wathanzi.

Ndinatsatira malangizo a mayi aja anati ndizivala malaya a manja aatali ndi chipewa chachikulu, komanso achimwene aja anati ndizimwa madzi ludzu lisanandigwire. Tinkalowa m'munda kusanache, poti mu Disembala masana kumatha kupyola madigiri 40. Chigubu cha malita 5 ndinkachikulunga m'chiguduli chonyowa n'kuchipachika pamthunzi wa mpesa, madzi ankakhala ozizirira mpaka masana.

Za ORS, madzi a shuga ndi mchere obwezeretsa madzi m'thupi, ndinazinyozera, ndipo ndinalakwitsa. Tsiku lina cha m'ma 2 koloko mutu unayamba kuwawa, minofu ya m'miyendo kukokana, mkodzo kuoneka ngati tiyi. Mnzanga anasungunula masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi ya madzi, ndinamwa pang'onopang'ono mpaka kutsitsimuka.

Inu amene mukupita chaka chino, kobiriwira ndi m'mbali mwa mtsinje mokha. Mukalowera ku Pofadder pa msewu wa N14 ndi miyala ndi mchenga basi, netiweki imadukaduka, musanyamuke opanda madzi. Nsapato muzizikutumula m'mawa musanavale, zinkhanira zimabisalamo.