Nsima ndi usipa tsiku lililonse, koma mwana sakukwera sikelo: tikulakwitsa pati?

Abiti Mdala, M'baluku

Moni nonse a pa bwalo lino. Pakhomo pathu chakudya sichisowa ayi. M'mawa tiyi ndi mandasi, masana nsima ya ufa woyera ndi usipa, madzulo chimodzimodzi. Ana akulu akapeza kandalama amagula majigisi ndi mafirizesi. Koma kusikelo andiuza kuti mwana wanga wa chaka ndi miyezi iwiri sakukwera, pomwe bambo ake awapeza ndi BP ndipo mimba ikungokula. Mphika umodzi, wina akuonda, wina akunenepa! Za magulu asanu ndi limodzi a zakudya ndimazimva pawailesi, koma m'mbale ndiziika bwanji, zochuluka bwanji, ndi ndalama zochepazi? Ndithandizeni chonde.

Nachisale, Namwera

Abiti, mavuto awiriwo gwero lake ndi limodzi. Mandasi, shuga wa mu tiyi, nsima yoyera ndi majigisi zonse zikungopereka mphamvu basi. Bambo akulandira mphamvu yoposa imene amagwiritsa ntchito, yotsalayo ikusanduka mafuta. Mwana naye kamimba kake kakudzaza ndi zokhutitsa, malo a zokulitsa thupi osatsala.

Magulu aja ndi awa: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta. Pa zimene mwatchulazi, zanyemba, masamba ndi zipatso palibiretu, ndiye yambirani pomwepo. Mbale ya munthu wamkulu amene sagwira ntchito ya thukuta muziigawa chonchi: theka masamba, theka linalo muligawe pawiri, mbali ina nsima ya mgaiwa, mbali ina nsomba kapena nyemba. Kunena kwake, mtanda umodzi kapena iwiri yaing'ono, osati inayi ndi kandiwo kongonyambitira. Msodzi wopalasa bwato usiku wonse kapena mlimi wa khasu angathe kuwonjezera mtanda, koma masambawo asachepe. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati masamba ndi zipatso pamodzi zizikwana magalamu 400 patsiku, womwe ndi muyeso wa manja odzaza kasanu.

Kaphikidwe ndi kamene kamatipweteka kwambiri. Nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa ndi khwanya muzitsuka musanadule, chifukwa mukadula kaye n'kutsuka, zofunika zina zimapita ndi madzi. Madzi ophikira akhale ochepa, awire kaye, kenaka ponyani masamba, vundikirani, pakatha mphindi 5 mpaka 10 phulani akadali obiriwira. Msuzi wake musataye. Soda ndi chidulo zimafewetsa msanga, inde, koma zimawononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B, choncho zisamalowe mu nkhwani kapena mu nyemba. Supuni imodzi ya mafuta kapena supuni zitatu za nsinjiro zisasowe, pakuti vitamini A wa m'masamba salowa bwino m'thupi popanda mafuta.

Nyemba, nandolo, khobwe kapena nzama zizipezeka katatu pa sabata. Vikani usiku wonse, tayani madziwo, phikani ndi ena atsopano. Zimapsa msanga, makala amapita ochepa, ndipo m'mimba simudzaza mpweya kwambiri.

Che Bwanali, Malindi

Zikomo a Nachisale. Ine ndikhazikike pa mwanayo, chifukwa nthawi yake ndi yothina. Kuchokera pamene mayi watenga pakati kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri ndi pamene msinkhu ndi ubongo zimaumbika, ndipo akapinimbira pamenepa n'kovuta kubweza. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno ndi opinimbira. Ambiri mwa iwo amadya tsiku lililonse, koma chimene amadyacho ndi phala lamadzi.

Phala la mwana muliyese ndi supuni: mukaipendeka lisayenderere ngati thobwa, lizikakamira n'kugwa pang'onopang'ono. Phala lamadzi limadzaza mimba koma mphamvu yake ndi yochepa.

Ufa wake konzani motere. Makapu anayi a chimanga chosakonola, kapu imodzi ya soya. Soyayo musankhe, mumukazinge pamoto wochepa mpaka afiire pang'ono ndi kununkhira, mumupukuse makoko achoke, mupete, ndiye musakanize ndi chimanga n'kukagayitsa. Soya wosakazinga amavuta kugayika m'mimba ndipo phala lake limanunkha chiwisi, mwana amalikana. Nsinjiro musagayire pamodzi, muzithira pophika, popeza ufa wosakaniza ndi mtedza sukhalitsa. Mtedzawo muzichotsa wonyala, wakuda ndi wachuku. Chuku cha mtedza ndi chimanga chili ndi poizoni amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa.

Tsono chuma chenicheni muli nacho kale, ndicho usipa. Vuto ndi loti mwana timangomupatsa msuzi, nsomba n'kudya akulu, ati minga ingamubaye. Tengani usipa wouma kapena bonya, tsukani mchenga uchoke, yanikani uumenso, kazingani pang'ono popanda mafuta, sinjani wonse ndi mitu ndi minga yomwe, sefani. Mingayo ndi imene ili ndi kashiamu wolimbitsa mafupa. Sungani m'botolo louma lotsekeka, ndipo muzikonza wa sabata imodzi yokha kuti usachite fungo. Supuni yaikulu imodzi mu phala, kuphatikizapo supuni yaing'ono ya mafuta ndi masamba ophika onyenyanyenya bwino.

Wa miyezi 12 mpaka 23 adye katatu kapena kanayi patsiku, chakudya chilichonse chotsala pang'ono kudzaza kapu ya 250 ml kapena kudzaza kumene. Pakati pake mumupatse nthochi, papaya, mango kapena mbatata yofiira mkati monga Zondeni ndi Kadyaubwerere. Dzira lathunthu limuyenera ndithu, zoti mazira amadwalitsa ana si zoona. Akhale ndi mbale yakeyake kuti muone chimene wadya, chifukwa m'mbale ya gulu wamng'ono amapambanidwa ndi akulu. Bere lisalekeke mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Tiyi ndi majigisi muchotseretu, zimamupha njala ya chakudya chenicheni.

Kusikelo musadumphe mwezi. Kunyanja kuno malungo, njoka za m'mimba ndi kutsegula m'mimba zimabweza mwana m'mbuyo ngakhale akudya bwino, ndiye alangizi a zaumoyo amupatse vitamini A ndi mankhwala a njoka pa nthawi yake. Tepi ya pamkono ikaonetsa chikasu, ndiye kuti kunyentchera kwayamba. Ikafika pofiira, kuchepera 11.5 cm, kapena mapazi onse awiri akatupa, phala lapakhomo silikwananso, pitani kuchipatala tsiku lomwelo akamuyambitse chiponde.

Mayi Phiri, Monkey Bay

Ndiwonjezere pa mawu a Nachisale, kuopa wina angapweteke. Zophika mphindi zochepazo sizikhudza chigwada. Masamba a chinangwa ali ndi poizoni, ayenera kusinjidwa bwino ndi kuwiritsidwa osavundikira kwa theka la ola kapena kuposerapo.

Za bambo a BP, mdani wamkulu ndi mchere. Munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera zonse zimene wadya. Nsomba zina zouma zimabwera ndi mchere kale, timapaketi tokometsera ndiwo natonso ndi mchere wokhawokha, ndiye tikathiranso wina mu mphika ndi wina pambale, muyeso tapyola kalekale. Vikani nsomba zamchere kwa mphindi 15 n'kutaya madziwo. Kometserani ndi anyezi, adyo, tomato, kambuzi ndi mandimu. Mchere muzichepetsa pang'onopang'ono, lilime limazolowera pakatha masabata angapo, koma mukachotsa lero lomwe anthu amakana ndiwo. Umene mukugwiritsa ntchitowo ukhale wa ayodini. Mankhwala a BP asasiye chifukwa chakuti kadyedwe kasintha, osiyitsa kapena kuchepetsa ndi adokotala atawayeza.

Shuga naye: botolo la zoziziritsa kukhosi la 300 ml limakhala ndi supuni zazing'ono pafupifupi 8, pomwe muyeso wabwino wa tsiku lonse ndi 6 ndipo 12 ndiye malire. Mu tiyi chotsani theka la supuni sabata iliyonse mpaka mufike pa imodzi. Tiyiyo musamwere pa chakudya, dikirani ola limodzi, chifukwa amatchinga ayironi wa mu nyemba ndi masamba kulowa m'magazi. M'malo mwa mafirizesi, malambe ali mbwee kuno kwathu. Vikani m'madzi owiritsa amene azizira, sefani, shuga pang'ono chabe. Musawawiritse, moto umapha vitamini C, yemwe ndi amene amathandiza ayironi uja kulowa. Bwemba chimodzimodzi. M'mawa, mbatata yophika kapena futali zilowe m'malo mwa mandasi. Chipisi cha pachiwaya, kanyenya ndi zigege zikhale za mwa apo ndi apo, pakuti mafuta ake amatenthetsedwa mobwerezabwereza mpaka kuda.

Abiti Mdala, M'baluku

Zikomo kwambiri nonse, ufa wa usipa ndiyamba mawa lomwe. Koma bambo a kunyumba mgaiwa saufuna, amati ndi wa kusukulu yogonera, ndipo masamba akachuluka amafunsa ngati ndalama ya ndiwo sanasiye. Pamenepa nditani?

Nachisale, Namwera

Musasinthe zonse tsiku limodzi, Abiti. Sakanizani makapu atatu a ufa woyera ndi imodzi ya mgaiwa kwa masabata awiri, kenaka theka ndi theka. Kukonola ndi kuvika m'madzi kumachotsa gaga ndi kamtima ka chimanga, momwe muli mafuta, mavitamini ndi zothandiza m'mimba kuyenda bwino, n'chifukwa chake mgaiwa umakhalitsanso m'mimba. Mgaiwa muzigayitsa wa masabata awiri okha, ukakhalitsa umawawa, ndipo ambiri amaudera pa chifukwa chimenechi.

Nsomba yawo musawachotsere, masambawo abwere ngati ndiwo yachiwiri, otendera bwino ndi nsinjiro ndi tomato. Ino ikakhala nyengo ya masamba ambiri, futsani khwanya, chitambe ndi nkhwani, muyanike pamthunzi podutsa mphepo, musunge mfutso wa mu Okutobala ndi Novembala pamene mpiru umakwera mtengo. Ndipo ulendo wotsatira wokayezetsa BP mupite nawo, za mchere ndi nsimazo akazimve okha kwa adokotala.