Tikafuna mbewu yathuyathu, mnofu titenge pa bowa uti?

Mayi Chirwa, Chibavi: Alimi anzanga, ndithandizeni maganizo. Mbewu ya bowa wa oyisitara ikuvuta kupeza kuno ku Mzuzu, ndipo ikamafika kuno imakhala itatopa kale panjira. Ndikufuna ndiyambe kudzipangira, kutenga mnofu wa bowa n'kuubzala pa agar, chakudya cholimba ngati jeli chomeretsera bowa m'botolo. Pressure cooker ndili nayo. M'shedi mwanga jumbo lina latulutsa bowa mmodzi wamkulu kuposa chikhatho. Ndimati nditenge ameneyo, kaya mukuona bwanji?

A Nyirenda, Luwinga: Tengani yemweyo mayi, musachedwe angakalambe. Wamkulu amabala wamkulu.

A Phiri, Zolozolo: Pepani a Nyirenda, apo ndikana pang'ono. Mayi, ndifunse kaye: majumbo onsewo munathira mbewu yochokera kumodzi?

Mayi Chirwa: Ambiri ndi ya kumodzi. Ochepa okha ndi amene ndinathira yomwe anandigawira mnzanga wa ku Nkhata Bay. Chimphonachi chatuluka pa ambiri aja.

A Phiri: Ndiye nkhani yagona pamenepo. Kutenga mnofu n'chimodzimodzi kubzala mtengo wa chinangwa: chomera ndi mtundu womwewo wa make, osawonjezera, osachotsera. Majumbo onse a mbewu imodzi ndi bowa mmodzi yemweyo, ngakhale lina litulutse chimphona lina tiana. Chimphonacho chakula chifukwa pabowopo chinamera chokha, chakudya chonse cha m'jumbo n'kupita kwa icho, kapena jumbolo lili pakhomo pomwe mpweya ukupita bwino. Mukachibzala mupeza mtundu womwe muli nawo kale. Kusankha kwenikweni kuli pakati pa mbewu ziwirizo, yanu yakale ndi ya ku Nkhata Bay. Kumeneko ndiye kuli kusiyana kwa mtundu.

A Nyirenda: Ndiye kuti kukula kulibe ntchito?

NyaMhango, Katoto: Ku sikelo kulibe ntchito adada. Ogula a m'malesitilanti amafuna bowa wofanana, wapakatikati, wa mnofu wochindikala, woti agone mufiriji osalendera. Wamkulu kwambiri amang'ambika m'mphepete ndipo tsinde lake limalimba. Ine ndimayang'ana jumbo lonse, osati bowa mmodzi. Ulusi woyera wa bowa, uja umayanga m'jumbo bowa asanatuluke, unadzaza msanga? Pa mapesi a chimanga oyisitara wabwino amadzaza jumbo pa masabata atatu kapena anayi. Chuku chobiriwira chinalowa kapena ulusi unachiposa liwiro? Tsango linatuluka lodzaza, ndipo tiana tonse tinakula kapena theka tinafota? Ndipo chachikulu, jumbolo linaberekanso kachiwiri ndi kachitatu?

Mayi, lembani nambala pa jumbo lililonse ndi marker, muziyeza zokolola zonse n'kulemba m'kope. Kenako gawani kulemera kwa bowa yense ndi kulemera kwa mapesi ali owuma, musanawanyike. Mwachitsanzo mapesi owuma a 1 kg akakupatsani bowa wa magalamu 700, ndiye 70 peresenti. Mbewu inayo ikakupatsani magalamu 400 pa mapesi omwewo, yankho mwalipeza popanda kukangana ndi munthu.

A Phiri: Koma poyerekeza zinthu zifanane. Mbewu imodzi pa mapesi, inayo pa utuchi wa paini wa ku Chikangawa, mulakwira mbewu pachabe. Utuchi wa paini uli ndi utomoni, oyisitara amaukana ukakhala wauwisi. Mapesi amodzi, shelefu imodzi, tsiku limodzi.

Achimwene Banda, Masasa: Ndiwonjezere za nyengo, poti Mzuzu amanyenga. Mtundu womwe ukubereka mokoma mu June ndi July, nthawi ya chifunga ndi mawawa, ukhoza kungokhala chete mu October kukatentha. Oyisitara wotuwa amakonda kozizira, pamene mitundu ina imapirira kutentha. Ya ku Nkhata Bay ija mwina ndi ya kotentha, poti kunyanja kuja si kuno. Ikagonja panopa musaitaye, muyiyesenso dzuwa likaswa mtengo. Mwina mufunika kusunga zonse ziwiri.

Mayi Chirwa: Zikumveka. Nanga pa tsango lomwe ndasankhalo, ndithyole uti?

NyaMhango: Wamng'ono wathanzi, yemwe m'mphepete mwa chipewa mukadali mopindikira pansi. Akayamba kutambasuka n'kumwaza fumbi loyera, wapitirira. Tengani pa kukolola koyamba, ndipo tsiku limenelo musathirire, chifukwa bowa wonyowa amabweretsa mabakiteriya pa agar. Wokhala ndi timphutsi kapena mawanga achikasu, ayi.

Musamudule ndi mpeni kuchokera kunja, mpeni umakankhira zoipa za pakhungu m'kati. Mung'ambeni pakati ndi manja opukuta ndi sipiliti, muwotche lezala pamoto, mudikire izizire, n'kutapa kamnofu kochepa ngati njere ya mpunga pomwe tsinde lakumana ndi chipewa. Kasakhudze timizere ta pansi pa chipewa. Bzalani mabotolo asanu kapena kuposa pa bowa mmodzi, ena aola ndithu.

Mayi Chirwa: Agar wake ndi uja wa mbatatesi?

A Phiri: Eya, amati PDA (Potato Dextrose Agar). Mbatatesi magalamu 200 muwiritse m'madzi lita imodzi, musefe, muthire glucose magalamu 20 ndi agar magalamu 15 mpaka 20. Mu pressure cooker mphindi 20, geji ya mphamvu ya nthunzi ili pa 15 psi, kuti tizilombo tife. Pakatha masiku angapo muona ulusi ukutuluka pa kamnofu. Apa pali kusankha kwachiwiri komwe ambiri amaiwala: tengani m'mphepete momwe ulusi ukuyenda mofanana, woyera bwino, n'kuusamutsira pa botolo latsopano musanapite nawo pa mapira opangira mbewu yothira m'majumbo. Botolo lochita mamina kapena lonunkha mowawasa, tayani osatsegulira m'chipindamo.

A Nyirenda: Nanga bwanji osangotenga utale kapena ndelema mvula ikagwa? Ameneyo ndiye anthu amalimbirana pamsika.

Achimwene Banda: Zikanatheka bwenzi tonse tili ndi magalimoto madala. Utale amalimidwa ndi chiswe m'chulu, ndelema amakhala pamodzi ndi mizu ya mitengo ya miombo. M'jumbo la mapesi sabereka.

NyaMhango: China mayi, musamangotenga mnofu wa mnofu wa mnofu chaka ndi chaka. Mukausamutsa kambirimbiri ulusi umafooka, zokolola n'kutsika. Botolo loyamba loyera lija likhale kholo, lisungeni mufiriji pa 4°C, osati mu freezer, muzitapako mukafuna mbewu yatsopano. Lina mukasungitse kwa mnzanu wa dera lina, magetsi akazima nthawi yaitali musataye zonse. Oyisitara wa pinki yekha ndiye safuna firiji, amafa ndi kuzizira.

Mayi Chirwa: Chabwino, chimphonachi tidyera nsima madzulo ano. Ndithira majumbo khumi a mbewu iliyonse pa mapesi amodzi, ndiziyeza. A Phiri, agar yekha ndiye ndilibe.

A Phiri: Wanga ulipo wotsala. Loweruka ndikubwera m'tauni, mundibweretsereko botolo limodzi la mbewu ya ku Nkhata Bay ija, nanenso ndiyese pa zitsononkho.