Mafuta a CBD nditumize kumudzi kwa mwana wa khunyu?

NaBanda_Turffontein
Abale ndithandizeni nzeru. Mwana wa mng'ono wanga ku Mangochi, wa zaka 7, amagwa khunyu, mankhwala a kuchipatala akumwa koma mwezi uno wagwa kanayi, ulendo wina pafupi ndi moto. Abwana anga akuti mafuta a CBD, ochokera ku chomera cha chamba, amathandiza ndiye ndimati ndigule ndipatsire transipota Loweruka. Koma mtima ukukana, si chamba chomwechi chapengetsa anyamata kwathu?

Che Jafali_Mayfair
Pepani ndi matenda achemwali. Choledzeretsa mu chamba ndi THC, CBD saledzeretsa. Zoti amathandiza khunyu sibodza, ku America anavomereza mankhwala a CBD otchedwa Epidiolex mu 2018, koma ndi a khunyu yovuta zedi ngati ya Dravet ndi Lennox-Gastaut ndipo dokotala amapereka poona kulemera kwa mwana, wa makilo 20 atha kumamwa 200 mg patsiku pomwe timabotolo ta mushopu kuno ku South Africa lamulo limalola 20 mg basi patsiku. Ndalama zingopita. Chondiopsa ine ndi chiwindi, ngati mwanayo akumwa mankhwala a khunyu a valproate mukaphatikiza ndi CBD chitha kuvulala, ndiye kumudziko azimuyeza magazi ndani? Asasiye mankhwala ngakhale tsiku limodzi chonde, abwerere naye kuchipatala, mwina mwana wakula mlingo wachepa.

Transipota_wa_Dedza
Mayi ine katundu ameneyo sindinyamula. Kuno khothi linalola mu 2018 akuluakulu kusuta kunyumba kwawo, koma kwathu lamulo la 2020 ndi la olima ndi laisensi. Pa Beitbridge kapena pa Mwanza muwafotokozera bwanji apolisi?

Mphatso_Rosettenville
Ndipo musagule timapaketi tonyezimira ta Spice kapena K2 ngakhale atakuuzani kuti ndi zitsamba. Ndi masamba wamba owazidwa mankhwala a mu labu, THC amangotekesa pang'ono timalo ta CB1 mu ubongo koma awa amatitsegula mpaka mapeto. Mnyamata amene timagona naye nyumba imodzi anakoka kawiri kokha nkuyamba kuphupha, thovu kukamwa, munthu woti sanadwalepo khunyu, ndimanjenjemerabe ndikakumbuka. Ku Illinois ku America mu 2018 ena osuta zimenezi anamwalira potaya magazi, munali mankhwala a makoswe.

NaBanda_Turffontein
Zikomo achimwene nonse. Ndamuimbira mng'ono wanga, akuti mwanayo sanamuyeze pa sikelo chiyambire chaka chatha. Ndamutumizira ya thiransipoti apite naye Lolemba, pepala la mankhwala andijambulira madzulo ano.