Hatchi ya bambo yakalamba, tiithandize bwanji?

Abale, ndithandizeni nzeru, makamaka inu amene mwasungapo hatchi mpaka kukalamba.

Bambo anga ali ndi famu ya ng'ombe, ndipo pali hatchi imodzi imene akhala nayo zaka 27. Anaiphunzitsa okha ili yaing'ono, ndipo ndiyo ankakwera pokusa ng'ombe m'mawa uliwonse. Mpaka lero ikangomva kutsokomola kwawo imathamangira kumpanda. Ine ikandiona imangoyang'ana kumbali, ngati ndili nayo ngongole.

Tsopano yayamba kuonda. Ikamatafuna udzu wouma imalavula timibulu tosatafunika, ndipo ubweya wake watalika n'kupotana, sukuthothoka ngakhale kutenthe. Dokotala wa ziweto akuti mano atha, komanso akuganizira matenda a Cushing, amene amagwira kwambiri hatchi zokalamba ndipo amatha kuyambitsa kutupa kwa m'kati mwa ziboda. Watchula mankhwala a pergolide, oti izimwa tsiku lililonse moyo wake wonse. Alipo anawagwiritsapo ntchito? Hatchi yanu inasintha patapita nthawi yaitali bwanji? Nanga chakudya chonyika m'madzi mumaipatsa kangati patsiku?

Koma chondisowetsa tulo ndi bambowo. Akudziwa bwino kuti hatchi zambiri zimakhala zaka 25 mpaka 30, koma nkhani yoibaya jakisoni kuti ipume safuna n'kuimva komwe. Ndikangoiyamba, amatenga chipewa n'kulowera kukhola, n'kukakhala kumeneko mpaka mdima. Inu munadziwira chiyani kuti hatchi yanu yavutika mokwanira, ndipo munthu wamkulu ngati ameneyu munamuyamba bwanji?