Wasiya kachasu, koma kunyumba sikuli bwino

Namwino, Luchenza: Anzanga ndithandizeni nzeru. Ndili ndi bambo wina wothyola tiyi, wamwa kachasu zaka zambirimbiri. Tinamugoneka m'chipatala masiku 5, diazepam (mankhwala oletsa kunjenjemera ndi kukomoka munthu akasiya mowa) tikuchepetsa pang'onopang'ono, vitamini wa thiamine pamwamba. Kunjenjemera kunatha, sanakomoke. Pano patha masabata 3 osalawa. Koma dzulo akazi ake abwera okha, akuti "mwandibwezera mlendo m'nyumba." Sagona, akupsa mtima ndi tinthu tating'ono, kuchipinda sakuwayandikira. Iwo akuti ndiye kuti kuli wina. Loweruka anafika pomuthirira kakapu kuti mtima ukhale m'malo. Mwamwayi anakana.

Clinical officer, Thyolo: Asisi, kusowa tulo ndi ukali zimatha kukhalapo masabata angapo, ena mpaka miyezi. Mphamvu za kuchipinda nazo zimachedwa kubwerera, mowa wa nthawi yaitali umafoola mitsempha ndi mahomoni. Muyezeni shuga ndi BP. Koma chonde musapitirize diazepam chifukwa cha tulo, tingachotse kachasu n'kumusiyira chizolowezi china.

HSA (mlangizi wa zaumoyo m'midzi), Muloza: Pepani ndifunseko, mayiwo amapanga geni yanji?

Namwino, Luchenza: Mwalasa achimwene. Amatcheza okha kachasu kuseri kwa nyumba. Fizi ya ana imachokera pomwepo.

HSA, Muloza: Eyaa. Ndipo ngati bamboyo ali pachikamwini, alibe pakamwa ponena kuti moto umenewo uzime pamudzi pa eni ake. Fungo tsiku ndi tsiku, anzake omwa nawo akubwera kudzagula pakhomo pomwepo. Itanani ankhoswe, amalume a mkazi ndi amene angamveke.

Phungu wolangiza odwala, Mulanje boma: Ankhoswe inde, koma osati poyamba. Za kuchipinda zikangofika kwa amalume bamboyo asanavomere, simudzamuonanso. Yambani ndi mayiwo paokha, muwafunse ngati kunyumba kuli kumenyana kapena kuopsezana. Kenako awiriwo pamodzi. Chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti zaka zonsezi mayi ndi amene amayendetsa khomo, ndalama, munda, ana. Lero munthu wadzidzimuka, tsiku la malipiro akufunsa kuti ndalama yapita kuti. Zimawawa zimenezo, ngakhale unkapempherera kuti asiye. Ndipo ifeyo timalakwa, timasamala wodwala masiku 5 osamufotokozera mkazi zimene akazipeze kunyumba. Muwauze poyera kuti kuzizirako ndi thupi likuchira, si chibwenzi, komanso kakapu kamodzi kakhoza kumubwezera poyambira.

Clinical officer, Thyolo: Ndikugwirizana nazo. Mumufunsenso za kukhumudwa, kaya maganizo odzipha. Zikakhalapo musachedwe, mutumizeni kwa a matenda a maganizo kuchipatala cha boma, iwo aona ngati n'zofunika kumutumiza kuchipatala chachikulu cha matenda a maganizo ku Zomba.

Namwino, Luchenza: Zikomo nonse. Ndawaimbira, abwera Lachinayi, mayi ayamba kulowa okha. Za kachasu akuti kusiya sangathe, koma akhoza kumakatchezera kwa mng'ono wawo kutsidya kwa mtsinje. Ndavomera kaye zimenezo. Achimwene a ku Muloza, ndipatseni nambala ya HSA wa dera lawo kumbali, azikawayendera sabata ya malipiro.