Kasitomala akufuna kusintha ndege kamodzi basi, koma zikungondibweretsera kawiri katatu

Tadala: Akuluakulu moni. Ndili ndi kasitomala, dokotala wina wachikulire, bondo limamuvuta, akupita ku msonkhano ku Victoria ku Canada kuchokera ku Johannesburg. Wanenetsa kuti sakufuna zotsikatsika, kusintha ndege kamodzi basi. Ndayesa Google Flights ndi Skyscanner, ndikangoika 1 stop or fewer tsamba likungokhala mbee, ndikachotsa zikubwera za maola 40 zina zodutsa ku America. Ndikulakwitsa pati?

Mphatso: Choyamba achemwali onetsetsani kuti mwalemba YYJ, khodi ya bwalo la ndege la Victoria ya ku Canada, chifukwa ukangolemba Victoria pamatulukanso Victoria Falls kkkk

Tadala: Ayi YYJ yomweyo, sindinafike pamenepo ine kkk

Bambo Gondwe: Simukulakwitsa kanthu mayi, makinawo akukuuzani zoona. Bwalo la Victoria ndi laling'ono, ndege zochokera ku Europe sizitera pamenepo, ndiye njira ya kusintha kamodzi kulibe ngakhale mutasaka mpaka mawa. Sakani Vancouver, YVR. Pamenepo kamodzi zimatheka bwinobwino: Lufthansa kudzera Frankfurt, KLM kudzera Amsterdam, British Airways kudzera Heathrow, Turkish kudzera Istanbul. Kuchoka Vancouver kupita Victoria ndi kandege ka mphindi 30 kapena kucheperapo, mwinanso sitima yapamadzi yochokera ku Tsawwassen kukafika Swartz Bay, ola limodzi ndi theka kuphatikiza pang'ono. Ine ndisanatsegule zamitengo ndimayamba ndaona mapu a FlightConnections, ndidziwe kaye kuti bwalo limenelo limalandira ndege zochokera kuti, kenako ndizibwerera chammbuyo mpaka pomwe kasitomala akunyamukira.

Esnart: Zodutsa ku America zija musazione nkomwe ngati adokotalawo alibe viza ya kumeneko. Kumene kuja kulibe zoti ndikungodutsa, aliyense amalowa pa immigration ngakhale akukakwera ina pakangopita maola awiri. Pa Google Flights pali pomwe pamati Connecting airports, chotsani mabwalo onse a US, muona kuti mndandanda uyera wokha.

Tadala: Zikomo Esnart, zimenezo sindinaganize. Koma ndapeza ina pa Skyscanner yotchipa kwambiri, kudzera London, imafika mpaka Victoria

Esnart: Yang'anani bwino ngati sanalembe self transfer. Ine zinandigwera chaka chatha, ndinatengeka ndi mtengo pa webusaiti ina ndikumugulira kasitomala matikiti awiri osiyana osadziwa, ndege yoyamba inachedwa ndi ola limodzi lokha, iye anayenera kutenga chikwama chake, kutuluka, kukachekinanso mwatsopano, pofika pa kauntala anapeza atseka ndipo kampani yachiwiri inangomuuza kuti sanabwere pa nthawi, tikiti yapsa. Anandiimbira usiku akulira, ndalama ya tikiti ina ndinalipira ine ndemwe. Mpaka lero ndikaona mawu amenewo ndimatseka tsamba.

Tadala: Eee yalembadi self transfer, komanso kutsikira Heathrow kukakwerera Gatwick. Basi yagwa imeneyo

Mphatso: Munthu wa bondo ndi zikwama pa basi ya pakati pa mabwalo awiri, akanakutukwanani ameneyo

Bambo Gondwe: Komanso ndiye kuti walowa mu UK, nkhani ya viza yayambanso. Chimodzimodzi ku Europe, kusintha kamodzi pa Frankfurt munthu amangokhala mbali ya odutsa, koma ikakhala Frankfurt kenako Amsterdam ndiye kuti walowa Schengen, chigawo cha mayiko a ku Europe ogwiritsa viza imodzi, chifukwa ndege yapakatiyo ili ngati yam'dziko momwemo. Ndipo mapasipoti ena amafuna viza yodutsira pabwalo ngakhale osatuluka, chekani pa Timatic, pomwe makampani a ndege amaonera malamulo a maviza, ndi pasipoti yawo yeniyeniyo.

Mphatso: Ine ndiwonjezere kamodzi, pa maulendo ataliwa mawu oti direct amapusitsa anthu ambiri. Direct sikuti ndege siima, ndi nambala ya ndege yokha yomwe sisintha. QF1 ya Qantas yochoka Sydney kupita London imatera ku Singapore, anthu amatsika ndithu nkukakweranso. Yosaima paliponse ndi nonstop. Kasitomala akati sindikufuna kutsika muzitsegula ulendowo muone mzere ndi mzere, musamangodalira ka nambala kapamwamba.

Bambo Gondwe: Ndendende. Ndipo amene simunayese ITA Matrix yesani, ndi webusaiti yosakira ndege ya Google yomweyo kuyambira 2011, sigulitsa matikiti koma imamvera zomwe waiuza. Pa extension codes mumalemba MAXSTOPS 2 (kuima kosaposa kawiri) kenako MINCONNECT 2:30 (mpata wosinthira wosachepera maola awiri ndi theka), imachotsa zonse zothamangitsa munthu. Mukaipeza njira yabwino mumangokopera manambala a ndege nkukaimanga mu Amadeus kapena Galileo, makina athu obukitsira matikiti.

Tadala: Ndiye mukuti ndigule Vancouver payokha, Victoria payokha?

Bambo Gondwe: Ayi ayi mayi, zimenezo ndi zomwe zinamupweteka Esnart zija. Vancouver mwasakira kuti mudziwe msana wa ulendo basi. Pogula ikani zonse pa tikiti imodzi, Lufthansa ndi Air Canada onse ali mu mgwirizano wa makampani a ndege wa Star Alliance ndiye Johannesburg, Frankfurt, Vancouver, Victoria imalowa pa booking imodzi, ikachedwa ina amusamutsira pa yotsatira okha. Pa Vancouver siyani mpata wokwanira chifukwa mpomwe adutse immigration ya Canada. Ndipo ikani WCHR, khodi yopemphera wilitcheya, azimudikira ndi wilitcheya pa bwalo lililonse.

Tadala: Ndaipeza. Kunyamuka madzulo, kufika Frankfurt m'mawa, maola angapo opumira, Vancouver tsiku lomwelo, kenako kandege kaja. Ndawaimbira adokotala ndawafotokozera kuti kusintha ndi kawiri koma ndege yomalizayo ndi ya mphindi 30 zokha, poyamba anang'ung'udza, nditatchula za wilitcheya ndi zoti ndi tikiti imodzi ati bukitsani. Angopempha mpando wa m'mbali mwa njira kuti azitambasula mwendo.

Esnart: Mufunsenso kuti ndi bondo liti, musawaike mbali yolakwika kkkk

Tadala: Lamanzere, ndawapatsa mpando D