OTP, phishing ndi two-step, zimenezi n'chiyani?

Msungichuma wa ku Ntcheu:
Moni nonse. Ndine msungichuma wa gulu lathu la banki m'khonde, ndalama za amayi zimadutsa pa foni yanga. Lachiwiri pa WhatsApp panabwera meseji yokhala ndi chithunzi cha wapampando wathu: "Amayi, ndatumiza manambala 6 kwa inu molakwitsa, mundibwezere msanga." Manambalawo analowadi pa SMS. Sindinatumize, poti wapampando wathu salemba, amangoimba, nkhani yake mpaka mayunitsi kutha. Mwana wa achemwali anga atamva anangoti, "Imeneyo ndi phishing, amafuna OTP, yatsani two-step," uyo wapita kumpira. Ndimasulireni chonde. Kapena foni yalowa vayirasi?

Wokonza mafoni ku Limbe:
Amayi, mtima m'malo, foni yanu ilibe vayirasi. OTP ndi nambala yachinsinsi yogwira ntchito kamodzi kokha, pakapita kanthawi imafa. Munthuyo analemba nambala yanu ya foni pa WhatsApp ya m'foni mwake. WhatsApp ikaona choncho imatumiza manambala 6 kwa mwini simu kuti atsimikize, ndiye anabwera kwa inuyo. Mukanamupatsa, akaunti yanu ikanasamukira kwa iye, inu n'kutsekeredwa kunja. Kenako akanayamba kulembera amayi a gulu m'dzina lanu kuti masheya a mwezi uno atumize pa nambala yatsopano. Msungichuma akalankhula ndani angakane?

Phishing ndi chinyengo chonsecho: kudzionetsa ngati munthu kapena kampani yomwe mumaikhulupirira kuti mupereke nokha PIN, pasiwedi kapena OTP. Imabwera pa meseji, pa imelo, pa linki ya "mwawina", ngakhale poimba. Muwaimbire wapampando lero lomwe. Mwina wakubayo anangokopera chithunzi chawo, koma ngati meseji inachokera pa nambala yawo yeniyeni, akaunti yawo inapita kale.

Mphunzitsi wa kompyuta, Mzuzu:
Ndiwonjezere za two-step. Pa WhatsApp lowani Settings, Account, kenako Two-step verification. Mupanga PIN yanu ya manambala 6, muikenso imelo ngati muli nayo, yothandiza mukaiwala. Zikatero wakuba ngakhale apeze OTP, afunsidwanso PIN imeneyi. Musaike tsiku lobadwa kapena 123456, ndipo isafanane ndi PIN ya Airtel Money kapena Mpamba.

Koma achimwene a ku Limbe, mwafulumira kunena kuti vayirasi mulibe. Tiwafunse kaye amayiwa kuti WhatsApp yawo anaitenga kuti. Ambiri amaikiridwa GB WhatsApp (WhatsApp yosavomerezeka ndi eni ake) pamsika, kapena kutumizirana ma APK, mafayilo oikira mapulogalamu m'foni, pa Bluetooth. Mapulogalamu oipa, amene timawatcha malware, amalowera m'menemo, ndipo ena amatha kuwerenga ma SMS anu mwakachetechete, OTP yomwe. Vayirasi ndi mtundu umodzi chabe wa malware. Tengani mapulogalamu pa Play Store basi.

Wokonza mafoni ku Limbe:
Pamenepo aphunzitsi mwalasa, ngakhale pulogalamu yotero ikanakhalamo wakubayo sakanavutika kupempha. Lina loti mulidziwe amayi ndi SIM swap, pamene munthu wapangitsa simu ina ya nambala yanu, mameseji onse n'kumapita kwa iye. Chizindikiro chake, netiweki imangozima pa foni yanu pomwe anzanu pambali akuimba bwinobwino. Zikatero osadikira mawa, thamangirani ku ofesi ya kampani yanu ya foni ndi chitupa cha unzika. Mesejiyo musaifufute, ijambuleni mukaonetse kupolisi. Lamulo lilipo, Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo nkhani za mafoni amayang'anira ndi a MACRA.

Msungichuma wa ku Ntcheu:
Zikomo abambo nonse awiri. Wapampando ndawaimbira, akuti WhatsApp yawo inasiya kutseguka Lolemba, ankayesa ndi bandulo. Yanga ndi yobiriwira wamba, anandiikira pa Play Store. Two-step ndayatsa. Loweruka pamsonkhano aliyense abwere ndi foni yake tiyatse limodzi. Nanga ya wapampandoyo tiibweza bwanji?

Mphunzitsi wa kompyuta, Mzuzu:
Alembetsenso nambala yawo pa WhatsApp, OTP ibwera pa simu yawo, akailowetsa wakubayo atulutsidwa. Ngati iye anaikamo kale PIN yake ya two-step, adikira masiku 7 kuti alowe popanda PIN. Pakadali pano nambala yawo ichotseni kaye m'gulu la WhatsApp la banki.